Chinkhupule chamoyo chimene ndinapha ku Durban

Kwa inu amene simunabwere Loweruka, nawa mawu amene analankhula mkulu wathu uja, membala wakale wa kalabu ino amene wakhala zaka zingapo ku South Africa. Tawalemba mmene anawayankhulira, tangochotsamo phokoso lanu la kuseka. Werengani mpaka pansi chifukwa kuli za ulendo wa Loweruka likudzali.

Zikomo a wapampando, zikomo a mlembi, ndi inu nonse achimwene ndi achemwali amene mwabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Ndamva kuti ena mwabwera poganiza kuti ndifotokoza za mmene munthu angapitire ku Joni, pasipoti ndi zingati, basi ndi zingati. Imeneyo tikambirana pambali tikaweruka. Lero ndabwera ndi ichi chili m'manja mwangamu.

Mukuchidziwa eti? Chinkhupule. Ndachithyola pa mpanda wa amayi m'mawa uno. Ichi ndi chomera, chimayanga ngati mphonda, chikauma timasenda n'kumasambira. Pali chinkhupule chachiwiri, cha kugolosale chija chotsukira mbale, chopangidwa kufakitale. Koma pali chachitatu, ndipo n'chimene ndabwerera. Chimakhala m'madzi, sichiyenda, chilibe mutu, chilibe maso, koma ndi nyama. Inde nyama, ngati mmene mlamba ulili nyama. Ine ndinadziwa zimenezi mochedwa, nditachipha kale, ndipo ntchito inatsala pang'ono kundithera.

Ku Durban ndinkagwira ntchito pakhomo pa bwana wina. Ndinalembedwa ya m'maluwa, koma mukudziwa mmene zimakhalira, ukakhala wokhulupirika amakuwonjezera ntchito osawonjezera malipiro. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi, kutalika kwake ngati chitseko mutachigoneka. Munali nsomba zamitundu yoti simunaionepo, zachikasu, zabuluu, zina zamizeremizere. Koma chimene bwana ankanyadira si nsombazo ayi. Ankanyadira makorali.

Makorali amaoneka ngati maluwa kapena tinthambi ta mtengo tomera pa mwala, koma nawonso ndi nyama. Ndi tinyama ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala pamodzi, ndipo ambiri mwa iwo amadzimangira chigoba cholimba cha laimu. M'thupi mwawo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimawapangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. N'chifukwa chake pamwamba pa thankiyo pankayaka magetsi amphamvu tsiku lonse. M'nyanja yeniyeni makoraliwa amamanga matanthwe aakulu. Kumpoto kwa Durban, ku Sodwana Bay, alipo. Kwa anzathu a ku Mozambique kuno, ku zilumba za Quirimbas ndi Bazaruto, alikonso ambiri.

Kusamala thanki yotere ndi chintchito. Madzi ake timachita kusakaniza tokha, mchere wapadera wogula m'zidebe, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, chifukwa ndi mmene alili madzi a m'nyanja yaikulu. Asatenthe, asazizire, azikhala cha pa madigiri 25 kapena 26. Mapampu azizungulitsa madziwo usana ndi usiku. Magetsi akazima, aliyense m'nyumbamo ankathamangira ku jenereta, osati chifukwa cha nyama ya mu fuliji koma chifukwa cha thanki.

Tsiku lina bwana ndi banja lawo anapita kutchuthi kwa sabata imodzi. Ine popukuta galasi ndinasuzumira kunsi kwa mwala wina waukulu, kumthunzi, ndipo ndinaona chinthu chachikasu chitayala ngati phala lotayikira, chili ndi timabowo. Mumtima ndinati ichi ndi chuku, bwana akadzachiona adzati Mmalawi uja ndi waulesi. Ndiye ndinapisa manja, kutulutsa mwala wonse, kupita nawo panja, kuukwecha ndi bulashi bwinobwino. Ndinausiyanso kaye padzuwa pang'ono kuti chukucho chife. Kenako n'kuubwezera m'madzi, ine n'kumadziyamikira.

Patapita masiku awiri madzi anayamba kuchita mbuu. Pabalaza panayamba kumveka kafungo ngati ka padoko nsomba zikalephera kugulidwa. Makorali anafwinya, osatambasukanso. Bwana akufika n'kuti nsomba ziwiri zitafa, ndipo makorali awiri atasenda, kutsala chigoba choyera. Mtengo wa zimene zinafazo unkaposa malipiro anga a mwezi. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangowerenga ya basi yobwerera kuno.

M'mawa bwana anandiitana. Anakalipa, sindikubisirani, ndipo ndalama ina anandidula. Koma atapsa mtima mokwanira anandikhazika pansi n'kundifunsa chimene ndinachita. Nditafotokoza anagwira mutu. Anati chimene ndinakwechacho sichinali chuku, chinali chinkhupule chamoyo, ndipo chinatenga zaka kuti chikule choncho. Iwo sanachigule n'komwe. Chinabwera chokha, chitabisala m'ming'alu ya miyala imene amaitcha miyala yamoyo, yomwe imakhala itakhalitsa m'madzi amchere n'kudzaza tizamoyo.

Tsono tamverani chimene chinachitika, chifukwa apa ndi pamene pali phunziro la sayansi. Thupi la chinkhupule ndi timabowo ndi tinjira tokhatokha. Madzi amalowera pa timabowo ting'onoting'ono tosawerengeka, n'kudutsa m'tizipinda tam'kati, n'kutulukira pa mabowo okulirapo. M'tizipindamo muli maselo okhala ndi kamchira kamodzikamodzi. Timichirato timakupiza osapuma, ndiye madzi amayenda. Podutsapo, chinkhupule chimakola mabakiteriya ndi tizakudya tina tosaoneka ndi maso. Kudya kwake n'komweko, kupuma kwake n'komweko. Chilibe pakamwa, chilibe m'mimba, chilibe mtima, chilibe ubongo. Pa tsiku limodzi chimatha kusefa madzi ochuluka kuwirikiza kukula kwa thupi lake maulendo masauzande. Mutathira utoto pang'ono pambali pake, posakhalitsa mumauona ukufuka pa bowo lalikulu ngati utsi wa pa uvuni wa njerwa.

Ndiye mukachitulutsa m'madzi, mpweya umalowa m'tinjira tija n'kutsekamo. Mitundu yambiri siitha kuutulutsanso mpweyawo. Mbali imeneyo imafa, n'kuyamba kuola. Ine ndinakwecha chapamwamba chokha, koma chambiri chinali m'kati mwa mwala, m'ming'alu, pamodzi ndi tizamoyo tina timene dzuwa linapha. Zonsezo zinakaolera m'thanki. Chovunda chimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa nsomba ndi makorali, ndipo mabakiteriya odya zovundazo amamaliza mpweya wa m'madzi. M'nyanja yaikulu zimenezi sizikanaoneka n'komwe, mafunde akanamwaza. Koma thanki ilibe kotulukira.

Gwirani mawu amenewo, ilibe kotulukira, tiwabwereranso.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kusuzumira kumthunzi. Ndinapeza kuti zinkhupule zinali ponseponse. Kunsi kwa thanki, m'kabati, kunali kathanki kena kobisika komwe kumakhala mapampu ndi masefa, ndipo m'makona mwake munali tizinkhupule toyera, kukula ngati njere ya mpunga, tooneka ngati tinanazi. Timeneti sitivuta munthu. Eni matanki ambiri akationa amasangalala, amati ndiye kuti thanki yakhwima.

Koma ndisakunamizeni kuti chinkhupule chilichonse ndi bwenzi. Pa mwala malo ndi ochepa, ndipo chilichonse chikufuna pokhala. Pali zinkhupule zina zimene zimayala msanga n'kukwera pa korali, kuliphimba kuti lisaone kuwala. Pali mtundu wina, dzina lake Cliona, umene umaboola chigoba cha laimu n'kumakhala m'kati ngati nankafumbwe m'chimanga. Zina zili ndi mankhwala owawa odzitetezera, popeza chinthu chosathawa chimayenera kukhala ndi chida china. Choncho chinkhupule chikayandikira korali la mtengo wapatali, umachichepetsa ndithu. Koma umachita zimenezo m'madzi momwemo, ndi kampeni, uku ukuyamwa zidutswa ndi kapaipi. Ukangochinyotsola mwachisawawa, kachidutswa kalikonse kokagwera pena kamatha kumera. Mu 1907 katswiri wina wa ku America, Henry Van Peters Wilson, anafinyira chinkhupule pa nsalu ya silika mpaka chinasanduka ngati phala, maselo onse kumwazikana. Atawasiya m'madzi amchere, maselowo anayamba kukwawa, kupezana, n'kuumbanso tizinkhupule tatsopano. Tayesani zimenezo ndi nkhuku muone.

Ine maganizo anga, nditagwira ntchito imeneyo zaka zinayi, ndi akuti eni matanki ambiri amaopa zinkhupule mopitirira muyeso. Amakonda chowala chapamwamba, chakumthunzi amachiyesa litsiro. Chonsecho mu 2013 katswiri wa ku Netherlands, Jasper de Goeij, ndi anzake anaonetsa kuti pa matanthwe a makorali zinkhupule zimamwa zakudya zosungunuka m'madzi, zimene nyama zambiri sizingathe kudya, kenako n'kumayoyola maselo ake akale omwe nkhono, tinkhanu ndi tizilombo tina timadya. Ndiye kuti chakudya chimene chikanatayika chimabwereranso kwa zamoyo za pamwalapo.

Tsopano wina afunsa kuti achimwene, ife a kuno ku Phalombe zikutikhudza bwanji, nyanja yaikulu ili kutali, thanki yotero sitingaigule. Zoona, ndipo musaiyese. Wina anandifunsa panjira kuti popeza madzi a Chilwa ndi amchere, kodi sitingaweteremo makorali? Ayi. Mchere wa Chilwa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa m'nyanja yaikulu, kasakanizidwe kake n'kosiyana, ndiponso madzi athu ndi amatope. Korali lingafe tsiku lomwelo.

Koma ine ndinaimvetsa Chilwa nditaima pa thanki ija. Tsiku lililonse madzi a m'thanki ankatsika pang'ono chifukwa cha kuuma. Sabata yoyamba ndinafuna kuwonjezera madzi amchere, bwana anandigwira dzanja. Anati chimene chauluka ndi madzi okha, mchere watsala momwemo. Ukathira amchere, mchere uzingokwera mpaka zonse zife. Umawonjezera madzi opanda mchere. Ndipo m'mphepete mwa galasi, pamene madzi adontha n'kuuma, pankatsala zoyera zokhakhala. Nditaziona ndinakumbuka zoyera zimene zimatsala pa dothi long'aluka nyanja yathu ikaphwa.

Chilwa ndi thanki yopanda kotulukira. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi imathiramo, koma palibe mtsinje umene umatulukamo ngati mmene Shire amatulukira m'nyanja ya Malawi. Madzi amachoka pouluka ndi dzuwa basi, ndipo nyanjayo ndi yosaya, mamita ochepa chabe. Chilichonse chimene mitsinje yabweretsa, mchere, matope, feteleza wokokoloka m'minda, zonyansa, chimatsala momwemo. David Livingstone atafika pa nyanjayi mu 1859 anapeza kale madzi ake ali omveka mchere. Mvula ikachepa zaka zotsatizana, madzi amatsika, mchere umakwera, mpweya umachepa, nsomba zimafa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo za 2018 simufuna kuuzidwa, munaona nokha mabwato atakhala pa dothi, anthu akupita ku Chisi wapansi. Amene makolo awo amadalira matemba, makumba ndi mlamba akudziwa mmene fizi inavutira chaka chimenecho.

Chodabwitsa n'chakuti madzi akabwera, moyo umabweranso. Akatswiri a ku Chancellor College anatsatira kuphwa kwa 1968 ndi kudzadzanso kwake, ndipo zimene anapeza zili m'buku lonena za nyanja ya Chilwa limene linatuluka mu 1979, lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake. Nsomba zimathawira kumathiriro a mitsinje ndi m'maiwe otsala m'madambo a njedza. Tizamoyo ting'onoting'ono timene matemba amadya timasiya mazira m'matope, amene amadikira mpaka madzi abwere. Ndipo m'zithaphwi za m'chigwa chathu chomwechi muli kansomba kofiira, azasayansi amati Nothobranchius kirki, kamene moyo wake ndi wa miyezi yochepa. Chithaphwi chisanaume kamaikira mazira m'matope, iko n'kufa, mazirawo n'kudzaswa mvula ya chaka chamawa. Kansomba kameneka anthu a ku Ulaya amakaweta m'matanki, ndipo amatumizirana mazira ake papositi, atawakulunga m'dothi lachinyezi. Ife timakapondaponda popita kumunda wa mpunga.

Nazo zinkhupule za m'madzi opanda mchere zili ndi nzeru yofanana. Pa mitundu yoposa 8,000 ya zinkhupule imene ikudziwika, yambiri ndi ya m'nyanja zamchere, koma ilipo ina, yosafika 300, ya m'mitsinje ndi m'nyanja ngati zathuzi. Yambiri mwa imeneyi ikaona kuti madzi akuphwa imapanga timibulu tolimba, tochepa kuposa njere ya mawere, azasayansi amati gemmules. M'kati mwake mumakhala maselo amoyo, kunja chikhokho cholimba. Chinkhupule chenichenicho chimafa n'kuuma, koma timibuluto timapirira chilala. Madzi akabwera timatseguka, chinkhupule chatsopano n'kuyamba.

M'nyanja ya Malawi muli chinkhupule chake chimene dzina lake likutchula dziko lathu, Malawispongia echinoides, cholembedwa ndi azasayansi mu 1972. Icho sichipanga timibulu timeneti. Mukaganiza bwino mupeza chifukwa chake, chimakhala m'nyanja yakale, yakuya, imene siiphwa chaka ndi chaka. Ndi ngati munthu wapantchito ya boma amene samanga nkhokwe, pamene mlimi wa kuno akapanda kusunga mbewu watha.

Mdani wamkulu wa chinkhupule, kaya cha mchere kaya cha mumtsinje, ndi matope. Chinthu chopuma ndi kudya kudzera m'timabowo, mukachithira dothi chimatsamwa. Makorali nawonso matope amawapha. Ndiye taganizani za mitsinje yathu. Mitengo ya m'phiri la Michesi ndi m'mbali mwa Mulanje ikupita ku makala, tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatsitsa matope ndi miyala zimene sitidzaiwala, ena pano munataya abale, sindifuna kuzikumba. Dothi lonse limene limachoka kumtunda limathera mu thanki yathu yopanda kotulukira ija, n'kumaikwirira pang'onopang'ono. Nyanja yosaya kale ikamakwiririka imaphwa msanga.

Za ndalama ndinenepo pang'ono, chifukwa ndikuona ena ayamba kuyasamula. Ku Jambiani, pa chilumba cha Zanzibar, kuli amayi amene amalima zinkhupule m'nyanja. Amadula tizidutswa, kumangirira pa zingwe m'madzi osaya, kumazitsuka, zikakula n'kugulitsa kwa alendo ngati zosambira. Ambiri ankalima ndere za m'nyanja, koma kutentha kwa madzi kunawaonongera ulimiwo. Ku Greece, pa chilumba cha Kalymnos, anthu akhala akumira pansi pa nyanja kukazula zinkhupule kwa mibadwo yambiri. Chinkhupule chimene timamva m'tchalitchi pa Lachisanu Loyera, choviikidwa mu vinyo wosasa chija, chinali cha m'nyanja chomwechi, osati cha pa mpanda. Ndiponso mankhwala ena a khansa ya m'magazi, cytarabine, anapangidwa potengera zimene akatswiri anapeza m'chinkhupule cha ku Caribbean.

Kuno kwathu za matanki zili ndi msika wake. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zili m'masitolo a nsomba zoweta pafupifupi dziko lililonse. Ine ndinaziona ku Durban zili ndi mtengo woti mungagule nawo ndowa ya matemba, kansomba kamodzi. Malemu Stuart Grant anatumiza nsomba zimenezi kunja kwa zaka zambiri kuchokera ku Senga Bay ku Salima, ndipo ntchito imeneyo inalemba Amalawi odziwa kumira ndi kusiyanitsa mitundu ya nsomba. Chimene chimagulitsa pamenepo ndi kudziwa. Ine malipiro anga anadzakwera pamene ndinayamba kudziwa kuyeza madzi ndi kutchula chimene chikudwala mu thanki, mpaka anzawo a bwana ankandibwereka Loweruka. Biology imene ndinkaithawa ku sekondale ndi imene inadzandidyetsa.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo a wapampando avomera kale. Loweruka likudzali tipite tikasuzumire kumthunzi. Ino ndi nyengo yabwino chifukwa madzi atsika. Tigawana magulu awiri. Lina lipite kumtunda kwa mtsinje wa Phalombe komwe madzi akadali oyera, lina litsikire cha ku Mpoto. Muziyang'ana kunsi kwa miyala, pa zipilala za milatho, pa zitsa ndi mitengo yomira, ndi pa mapesi a bango pamene madzi ankalekeza.

Mudzachizindikira chonchi. Ndere zimaterera ndipo zimakhala ndi ulusi. Chinkhupule chimayala ngati chikhokho, chotuwa kapena chofiirira, nthawi zina chobiriwira chikakhala poyera, ndipo chili ndi timabowo. Mukachikhudza chimamveka chokhakhala, chifukwa mafupa ake ndi timinga tosaoneka ta silika, chinthu chomwe chija amapangira galasi. Pa chifukwa chimenechi musachitikite ndi manja, ndipo musagwire m'maso, chimayabwa. Chouma chimaoneka ngati thovu louma lomatirira pa mtengo, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona timibulu tija m'kati.

Mukachipeza chamoyo, musachite zimene ndinachita ine. Tembenuzani mwalawo uli m'madzi momwemo, jambulani, n'kuubwezera mmene unalili, mbali yakumthunzi pansi. Lembani malo, tsiku, ndiponso ngati madzi anali oyera kapena amatope. Chouma mukhoza kubenthulako kachidutswa n'kuika mu envulopu, tikapemphe aphunzitsi a sayansi atiikire pa maikulosikopu tione timinga tija. Gulu limene libwere chimanjamanja lilembebe za madziwo, ndi zina zonse zimene lapeza kunsi kwa miyala, nkhono, tinkhanu, mphutsi za tombolombo. Tikachita zimenezi chaka chino ndi chaka chamawa pa malo omwewo, kalabu ikhala ndi kaundula wakewake wa mmene mitsinje yathu ikusinthira, woti tingapite naye ku komiti ya padoko kapena ku ofesi ya zausodzi n'kuyankhula zogwirika.

Za likodzo musaiwale. Madzi odekha okhala ndi nkhono ndi kwawo kwa likodzo, ndiye amene ali ndi magambuti abwere nawo, ndipo kulibe zosambira kumeneko. Madzi akumwa aliyense atenge kunyumba. Ang'onoang'ono osafika Fomu 1 atsale, pokhapokha abwere ndi mkulu wawo.

Tikumane pano 6 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere. Amene muli ndi foni za kamera yabwino muzitchajiretu Lachisanu, ndipo a msungichuma akuti ya sopo wosamba m'manja tisonkhe lero tisanabalalike.